Nkhalango Imene Inagulidwa na Mapaundi 130

Mtengo wa bulugamu tonse timaudziwa. Ndiwo mapolo amene amanyamula nthambo za malaiti mu komboni, ndiwo mitanda ya denga, ndipo masamba ake ni amene ambuya amawilitsa mu poto kuti tifukize tikadwala cimfine. Tinauzolowela kwambili cakuti ambili timaganiza kuti ni wa kuno. Koma bulugamu ni mlendo. Kwao ni ku Australia, ndipo dzina lakelo ni mau a Cizungu akuti blue gum amene lilime lathu linawongola.

Kumadzulo kwa mzinda wa Sydney, ulendo wa maola awili pa sitima, kuli mapili ochedwa Blue Mountains. Pansi pa cigwa cina cakuya kumeneko, pamene mtsinje wa Grose umakumana na kamtsinje ka Govetts, pali nkhalango ya bulugamu imene palibe anaibzala. Amaicha Blue Gum Forest. Mitengo yake ni yowongoka monga mizati, yosalala, yotuwa, ndipo yambili ni yaitali kuposa nyumba ya nsanjika 10. Mu 1931 nkhalangoyi inatsala pang'ono kugwa na nkhwangwa. Amene anaipulumutsa anali anthu wamba a m'tauni, a m'makilabu oyenda pansi m'thengo, ndipo anacita kusonkha ndalama.

Nidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Kilabu yoyenda pansi? Ife Zamfoot tinabadwa nayo. Munthu amacoka ku Chawama kapena ku Kanyama kukali mdima, n'kufika ku Soweto Market wapansi cifukwa ya basi palibe. Kwa ife kuyenda pansi kumaonetsa kuti m'thumba mwauma. Nanga munthu wanzelu zake angalipile ndalama ya umembala kuti akayende? Ine nili membala wa kilabu yotelo ku Sydney kumene nikhala, ndipo posacedwapa kilabu yathu inakwanitsa zaka 50. Cikondwelelo cimeneco n'cimene cinanipangitsa kufufuza kumene mwambowu unacokela.

Kulowa kilabu ya bushwalking, monga mmene iwo amachulila kuyenda m'thengo kumeneku, sikuli ngati kugula tikiti ya bola. Ku kilabu yathu mlendo amayamba monga woyembekezela. Afunika ayende maulendo angapo na gulu kuti akulu-akulu aone ngati miyendo na mtima wake zikwanitsa. Afunika aphunzile kuwelenga mapu na kampasi, cifukwa m'zigwa zija foni siigwila. Afunikanso adziwe mmene angamangile mwendo wa mnzake akalumidwa na njoka. Malamulo ni ocepa koma salekelela. Gulu limayenda pa liwilo la munthu wocedwa kwambili. Pa mphambano iliyonse, wa kutsogolo amayembekeza wa kumbuyo. Ciliconse cimene walowa naco m'thengo, olo khoko la nthoci, utuluka naco.

Amene ananiphunzitsa mapu ni amai ena amsinkhu wa ambuya anga. Ananiuza kuti niziwachula cabe dzina monga mmene onse amacitila kumeneko, koma pakamwa panga panakana. Mpaka lelo nimati ambuya, ndipo anazolowela. Tsiku lina tikupumula pa mwala, anati: “Mwana wanga, njila iyi uyendamo mahala cifukwa ena anailipilila. Uzifunsa kuti ni ndani.”

Mbili yake iyamba na sitima. Ca m'ma 1860 njanji inakwela mapili a Blue Mountains, ndipo munthu wa m'tauni anakwanitsa kufika m'mphepete mwa thengo tsiku limodzi. Mu 1879 boma linapatula malo kum'mwela kwa Sydney amene lelo ni Royal National Park, imodzi mwa mapaki akale kwambili pa dziko lonse. Ku Melbourne amuna anayambitsa kilabu yoyenda mu 1894, ndipo popeza sanali kulandila akazi, akazi anayambitsa yao mu 1922.

Cina cimene cinathandiza n'cakuti thengo la Australia lilibe mikango kapena njovu. Kuno kwathu, kuyenda pansi ku cigwa ca Luangwa kumafuna sikauti wa mfuti kutsogolo. Norman Carr, amene mu 1950 anagwilizana na Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo m'dela lao, ndiye anachukitsa maulendo apansi oona nyama, koma maulendowo mpaka lelo amagulidwa maka-maka na alendo a madola. Ku Sydney kalaliki anali kufunika cabe tikiti ya sitima, bulangeti na kacitini kophikila tiyi.

Munthu amene dzina lake simungalilumphe ni Myles Dunphy, mphunzitsi wa zojambula mapulani a nyumba. Mu 1914 iye na anzake anayambitsa Mountain Trails Club, ya amuna okha-okha. Mapu a boma a nthawiyo anali na malo aakulu opanda kanthu, conco Dunphy anayamba kujambula ake na manja, mtsinje na mtsinje, phili na phili, kulemba pamene pali madzi na pamene munthu angatsikile. Thengo anali kulikonda mocititsa mantha. Mu 1931 iye na mkazi wake Margaret anaika mwana wao Milo, wosakwana zaka ziwili, m'kangolo kokankhila mwana, n'kukankha masiku angapo kucoka ku Oberon mpaka ku matanthwe a Kanangra. Kangoloko lelo kali mu National Museum of Australia.

Mu 1927 mnyamata wina, Jack Debert, analemba kalata ku nyuzipepala yopempha kuti pakhale kilabu imene aliyense angalowe. A gulu la Dunphy anayankha, ndipo mu October caka cimeneco panabadwa kilabu yolandila amuna na akazi. Poyamba anaicha Waratah Walking Club, koma posakhalitsa anasintha n'kukhala Sydney Bush Walkers. Liu lakuti bushwalking, limene dziko lonse la Australia limagwilitsila nchito lelo, linafala kucokela pa dzina limeneli.

Akazi atangolowa, anaonetsa zimene amuna anali kutaya powatsekela kunja. Marie Byles, mkazi woyamba kugwila nchito ya uloya mu New South Wales, analimbikila mpaka boma linapatula malo a m'mphepete mwa nyanja a Bouddi mu 1935. Dorothy English, amene pambuyo pake anadziwika kuti Dot Butler, anali kuyenda m'thengo wopanda nsapato. Mu 1936 iye na dokotala wina, Eric Dark, anakhala oyamba kudziwika kuti akwela thanthwe loopsa la Crater Bluff, ndipo iye anakwela na mapazi cabe. Ife amene tinakula tikuchaya bola ya mapepala popanda nsapato tingamumvetse.

Zonsezi zinali kucitika pa nthawi ya njala ya ndalama. Cuma ca dziko lonse cinagwa mu 1929, ndipo pofika 1932 pafupifupi wanchito mmodzi pa atatu alionse ku Australia anali lova. Paddy Pallin, amene anacokela ku England, nchito yake itatha mu 1930 anayamba kusoka vyola na matenti pa mashini ya pa nyumba, ndipo masitolo a dzina lake alipo mpaka lelo. Mu 1932 masitima apadela anali kunyamula anthu masauzande pa Sondo kupita nao kumalo amene sanauzidwe, kuti akayende tsiku lonse. Kuyenda kunali cisangalalo ca munthu wosweka m'thumba. Conco a Zamfoot musadzione apatali na nkhaniyi.

Pa Isitala ya 1931, kagulu ka a Sydney Bush Walkers na a Mountain Trails Club, motsogoleledwa na Alan Rigby, kanamanga msasa pansi pa mitengo ya bulugamu ija. Kumeneko anakumana na mlimi wina, Clarrie Hungerford, amene anabwela pa hachi. Iye anawauza kuti boma linamubweleka malowo, ndipo afuna kucotsa mitengo kuti abzale mtedza wochedwa walnut.

Hungerford sanali kuba. Mapepala anali nao, lamulo linali kumbali yake, ndipo nthawi inali yovuta kwa aliyense. Anali monga munthu wotentha malasha amene tonse timamudziwa, amene amaona fizi ya ana pamene wina aona mthunzi. Oyenda aja analibe mphamvu yomuletsa. Cimene anali naco n'cakuti anaona malowo na maso ao, anagonamo, ndipo anadziwa cimene citayika.

Atabwelela ku Sydney anapanga komiti. Mu November caka cimeneco anatsikilanso m'cigwa kukakambilana na mlimiyo pansi pa mitengo yomweyo, ndipo anamvana kuti asiya malowo akapatsidwa mapaundi 130. Ndalamayi inali yoposa malipilo a theka la caka a wanchito wamba, ndipo inali kufunika mwamsanga. Anayamba kusonkha monga mmene timacitila pa malilo, aliyense zimene ali nazo. Bungwe loteteza nyama, Wild Life Preservation Society, linaponyapo. Zitapelewela, W. J. Cleary, mkulu wa za njanji amenenso anali kukonda kuyenda, anawakongoza mapaundi 80 popanda ciwongoladzanja. Nkhongoleyo anaibweza pang'ono-pang'ono na zopeleka komanso ndalama za madansi amene anali kukonza.

Apa m'pamene pali cinthu cimene cimanigwila mtima. Atalipila, malowo sanawalembe m'dzina la kilabu. Sanamange mpanda, sanaike geti yolipilitsa. Anawabweza ku boma kuti akhale a anthu onse, ndipo pa 2 September 1932 maekala 40 amenewo analengezedwa kukhala malo otetezedwa. Anthu amene ena a iwo analibe nchito anagula nkhalango kuti isakhale ya munthu mmodzi, olo iwo amene.

Maekala 40 ni kamunda kakang'ono, koma anawaphunzitsa kuti gulu limamveka kuposa munthu mmodzi. Caka comweco ca 1932 makilabu anapanga citaganya cimodzi, ndipo Dunphy anayamba kukankha pulani ya paki yaikulu yokuta mapili onse. Anayembekeza zaka zambili. Blue Mountains National Park inalengezedwa mu 1959. Mu 1968, kampani ya simenti itafuna kukumba miyala ya laimu pafupi na mapanga a Colong, amene anatsogolela nkhondoyo anali Milo, mwana uja wa m'kangolo. Iye na anzake anagula masheya a kampaniyo, aliyense imodzi-imodzi, kuti akhale na ufulu wolowa m'msonkhano wa pacaka n'kufunsa mabwana mafunso. Migodiyo siinatsegulidwe. Mu 1994 David Noble, woyang'anila mapaki amene anali kuyenda m'zigwa pa nthawi yake yopumula, anapeza mtengo wa Wollemi pine, wa mtundu umene asayansi anali kuudziwa cabe pa zidindo za m'miyala yakale. Mu 2000 dela lonselo, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni, linalowa pa mndandanda wa UNESCO wa cuma ca dziko lonse.

Pamene kilabu yathu inakwanitsa zaka 50, komiti inasankha kuti tikakondwelele ku Blue Gum Forest, ngakhale kuti kilabu yathu inabadwa kale nkhalangoyo itapulumuka. Tinakumana ku Blackheath, tauni ya pamwamba pa cigwa. Acikulile amene mawondo anawakana anatsala kumeneko na tiyi na zithunzi zakale. Ife tinatsikila pa Perrys Lookdown, njila yotsetseleka mamita oposa 600, masitepu osatha, miyendo ikunjenjemela. Mnyamata wina ananyamula keke m'cola cake njila yonse, ndipo inafika itapendama mbali imodzi.

Mu nkhalango mwenimweni salola kugona masiku ano, cifukwa mapazi na moto wa anthu oikonda zinayamba kupha timitengo tating'ono. Tinamanga matenti pafupi, pa Acacia Flat, n'kuphika pa tumasitovu twa gasi. Pa makungwa a mitengo ina panali zipsela zakuda za moto wolusa umene unapita m'cigwaco mu 2006 na mu 2019, koma pansi panali timitengo tatsopano tothithikana.

Madzulo kunalibe zokamba zaitali. Mlembi anatulutsa makope a mabuku a kilabu, mmene ulendo uliwonse kuyambila pa ciyambi unalembedwa: tsiku, njila, maina a amene anapita, kumene anapeza madzi, nyengo mmene inalili. Anawelenga ulendo umodzi pa zaka 10 zilizonse. Kenako anachula maina a mamembala amene anamwalila, ndipo pa dzina lililonse wina anali kukamba mwacidule njila imene munthuyo anamuonetsa. Ambuya aja anachula makalata amene kilabu inalembela boma, misonkhano imene anapitako, na udzu wacilendo umene anazula m'mphepete mwa mitsinje. N'naona kuti zaka 50 anali kuziwelenga na malo amene akali cilili, komanso na anthu amene anaphunzitsidwa njila.

Ananipempha kuti nikambeko monga mmodzi wa atsopano. N'nawauza za bulugamu wa ku Copperbelt wobzalidwa m'mizele, na za ambuya ofukiza masamba ake. Anaseka kwambili atamva kuti kuli dziko kumene mtengo wao ni mankhwala a cimfine ca mu komboni.

Pali mbali ina ya mbiliyi imene siifunika kubisika pansi pa keke. Oyenda a m'ma 1930 anali kukamba za mapiliwa monga thengo losakhudzidwa na munthu, ndipo Dunphy anapatsa malo ambili maina atsopano. Koma njila zambili zimene anali kupeza zinali na eni ake. Anthu a mitundu ya Gundungurra na Darug, na ena oyandikana nao, anakhala m'mapili amenewa zaka masauzande ambili azungu asanafike mu 1788. Anali kudziwa madzi alionse, ndipo anali kusamalila thengo na moto wocepa wa pa nthawi yake, monga mmene makolo athu anali kutenthela lupsa. Atsamunda anawalanda malo. Otsala ena anakhala m'kacigwa ka mu Katoomba kochedwa The Gully, ndipo mu 1957 anawathamangitsa kuti pamangidwe msewu wa mpikisano wa mamotoka. Cigwa ca Burragorang, kwao kwa a Gundungurra ambili, cinamila pansi pa madzi a damu ya Warragamba imene inatha kumangidwa mu 1960. Anthu amene anasonkha mapaundi 130 cifukwa ca mitengo anali na makomiti, manyuzipepala na abwenzi m'maofesi. Mabanja a ku The Gully analibe zimenezo. Malowo anavomelezedwa mwalamulo kukhala a cikhalidwe ca eni dziko mu 2002, patapita zaka 45.

Masiku ano msonkhano wa kilabu yathu umayamba na kuchula mtundu wa eni dziko limene tiyendamo. Kwa ine, mwana wa dziko limene linali Northern Rhodesia, mau amenewo samveka acilendo. A ku Gwembe amene anasamutsidwa pomanga damu ya Kariba ca kumapeto kwa ma 1950, zaka zomwezo za Warragamba, angamve nkhani ya Burragorang popanda womasulila. Kuteteza mitengo n'kuiwala anthu a pansi pake ni nchito yosatha bwino.

Kum'mawa kwa Lusaka tili na nkhalango yathu, Forest 27, kumene kumacokela mtsinje wa Chalimbana, ndipo nthaka yake imamwa mvula imene imadzaza zitsime za mzinda. Inacotsedwa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa mu 1983, ndipo inabwezeletsedwa mu 1996 anthu okhala m'mbali mwa mtsinjewo atadandaula pamodzi. Kuyambila mu 2017 mbali zina zinacotsedwanso, nyumba zinamangidwa, ndipo nkhaniyo inafika ku makhoti. Ambili tinaimva pa wailesi na pa Facebook. Koma ni angati a ife amene tinapondamo? Ni angati tinafikako ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 pa khomo penipeni pa mzinda?

Blue Gum Forest inapulumuka cifukwa pa Isitala ija panali anthu pansi pa mitengo pamene mlimi anafika. Akanakhala pa nyumba, akanamva nkhaniyo mitengo itagwa kale. Sydney Bush Walkers idzakwanitsa zaka 100 mu 2027, ndipo inayamba na kalata imodzi ya ku nyuzipepala. Miyendo ya mu komboni imayenda kale mitunda imene ambili a m'kilabu yathu amacita kukonzekela milungu. Cotsala ni kusankha tsiku, kupempha cilolezo kumene cifunika, kunyamula madzi, na kupita muli gulu, atsikana na anyamata. Tengani mkulu mmodzi wodziwa kusiyanitsa msuku, mpundu na mutondo. Tenganinso buku la sukulu lotsala masamba, ndipo pa tsamba loyamba mulembe deti, maina anu na njila imene mwapita.